Gome Lodyera la Miyendo Iwiri ndi Kapangidwe Kace

Cimanga cikalowa m'nkhokwe, ndipo fodya atapita kumsika, mlimi akhala ndi miyezi ingapo ya cilimwe imene nchito ya kumunda icepa. Iyi ndiyo nthawi imene ambiri agula katundu wa m'nyumba ndi ndalama zimene anazikhetsera thukuta caka conse. Koma magome ambiri ogulitsidwa m'mbali mwa miseu ali a matabwa aawisi okhomedwa ndi misomali. Likapita dzinja limodzi kapena awiri ayamba kugwedera, matabwa ang'aluka, ndipo ndalama ija yalowa m'madzi. M'nkhani ino tifotokoza kapangidwe ka gome lodyera limene mlimi wodziwa kugwira sowo ndi cizulo angathe kudzipangira yekha. Amene sadziwa nchito ya matabwa awerengebe, cifukwa adzadziwa coyenera kuuza kalipentala wa m'mudzi mwao, ndi coyenera kuyang'ana asanapereke ndalama.

Maonekedwe a gome ili

Gome limene tikunena liribe miyendo inai ya m'ngondya. Liri ndi miyendo iwiri yokha, wina kuno wina uko, ndipo mwendo uli wonse uli ndi ziwalo zitatu: phazi logona pansi, mzati woimirira pakati pa phazilo, ndi mutu wogona pamwamba pa mzati. Miyendo iwiriyi ilumikizidwa ndi mtanda umodzi wautali umene upyola m'mizati, numangidwa ndi zikhomo ziwiri zosongoka. Thabwa lalikulu lodyerapo likhala pa mitu iwiri ija.

Ubwino wace uli patatu. Poyamba, anthu akhala mozungulira osagunda maondo pa miyendo ya m'ngondya. Kaciwiri, gome likayamba kugwedera mungomenya zikhomo ndi nyundo, ndipo lilimbanso nthawi yomweyo. Kacitatu, mukamasula masikuruu a thabwa lalikulu ndi kuzula zikhomo gome lipasuka kukhala zidutswa zinai, zimene zilowa pa khomo lopapatiza ndi kukwera pa ngolo mosabvuta.

Luso limeneli siliri lacilendo ai. Ku Ulaya, m'zaka za makedzana, anthu anali kudyera pa matabwa oyalidwa pa miyendo yosunthika, nawacotsa akatha kudya; pambuyo pace amisiri anayamba kulumikiza miyendoyo ndi mtanda. Kalumikizidwe ka cibowo ndi lilime ndiko kakale koposa. Pafupi ndi mzinda wa Leipzig ku Germany anafukula zitsime zocingidwa ndi matabwa olumikizidwa motero, ndipo matabwawo ali a zaka ngati 7,000 zapitazo. Kuno kwathu amisiri ambiri oyamba anaphunzira ukalipentala wotere m'sukulu za mishoni, monga ija Dr Robert Laws anatsegula ku Khondowe m'caka ca 1894.

Kusankha mtengo

Mlombwa ndiwo mtengo woposa pa nchito iyi. Upalika bwino, sunyala kwambiri pouma, ndipo mtima wace wofiirira ciswe siciukonda. Mbawa ulinso wabwino, ndipo matabwa ace akhala otambalala, koma mitsempha yace ipingasana, kotero kuti puleni yobuntha ithothola thabwa m'malo mwa kulisalaza. Muwanga uli wolimba ndi wolemera koposa, ubunthitsa zida msanga. Musaupangire gome lonse, koma muusungire zikhomo ndi misomali yamtengo. Malaina sapindika kawiri-kawiri akauma bwino, ngakhale ali ofewerapo. Bulugamu ali wolimba, koma amang'aluka ndi kupotoka pouma, cotero afuna kusankha kwambiri.

Pa mtengo uli wonse, kanani thabwa lokhala ndi mbali yoyera yakunja, ya pafupi ndi khungwa, pakuti imeneyo ndiyo ifumbwa msanga. Kananinso thabwa lokhala ndi pakati peni-peni pa mtengo, cifukwa ming'alu iyambira pamenepo, ndi thabwa la mfundo zazikulu pa malo amene mudzasemapo lilime.

Mitengo imeneyi yacepa kwambiri m'dziko muno, ndipo mlombwa utenga zaka makumi angapo kuti ufike pocekedwa. Lamulo la nkhalango la caka ca 1997, limene linakonzedwanso mu 2020 ndi kuonjezera zilango, liletsa kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda cilolezo. Musanagwetse mtengo wacilengedwe, ngakhale uli m'munda mwanu, yambani mwafunsa a mfumu ndi ofesi ya za nkhalango ya m'boma lanu. Pogula matabwa, gulani kwa woceka amene ali ndi cilolezo. Mkungudza wa ku Mulanje musaugule konse, pakuti watsala pang'ono kutheratu pa phiri lija.

Kuumitsa matabwa

Magome ambiri aonongeka asanapangidwe n'komwe, cifukwa mwini anafulumira kugwiritsa matabwa aawisi. Thabwa longocekedwa kumene liri ndi madzi ambiri. Pamene madziwo acoka, thabwa linyala m'mimba mwace, koma m'litali mwace silisintha kweni-kweni. Lilime losemedwa pa thabwa laliwisi lidzacepa m'cibowo cace, ndipo gome lidzagwedera ngakhale mmisiri anali waluso cotani.

Matabwa aumitsidwe pamthunzi podutsa mphepo. Cigafa ca fodya cikakhala copanda kanthu ndi malo abwino. Yalani mitengo itatu kapena inai yolingana pa njerwa, kuti matabwa atalikire nthaka ndi ciswe. Sanjani matabwa pamenepo, ndi kuika timitengo touma ta inchi 1 pakati pa mzere ndi mzere, motalikirana mainchi 18 kapena 24. Kamtengo kali konse kakhale pamwamba peni-peni pa kanzace ka pansi. Mukaika mwacisawawa matabwa adzakhota. Pakani penti yotsala kunsonga zonse za matabwa, cifukwa kunsonga kuuma msanga ndi kung'aluka. Pamwamba pa mulu ikani malata ndi miyala yolemera.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Matabwa opyapyala afuna miyezi ingapo, ndipo zidutswa zocindikala mainchi 3 zifuna caka cathunthu kapena kuposerapo. Njira yodziwira ngati auma ndi iyi: sankhani thabwa limodzi, mulipime pa sikelo imene muyesera fodya, ndi kulemba kulemera kwace pa thabwalo. Bwerezani pakapita milungu iwiri iri yonse. Kulemera kukaleka kutsika kwa mwezi wathunthu m'nyengo yopanda mvula, matabwa auma. Pamenepo alowetseni m'nyumba milungu iwiri musanayambe nchito. Cotero mlimi wanzeru agula matabwa ndi ndalama za fodya wa caka cino, napanga gome m'cilimwe ca caka camawa.

Zida ndi miyeso

Zida zofunika siziri zambiri: sowo, puleni, zizulo ziwiri (ca inchi ½ ndi ca inchi 1), nyundo yamtengo, sikweya, geji yolembera mizere, mpeni, tepi, cibowolero ca pamanja, ndi mwala wonolera. Nolani zida musanayambe, ndipo nolaninso pakati pa nchito. Cizulo cobuntha ndico cibvulaza munthu, cifukwa acikankha ndi mphamvu yambiri. Manja onse awiri akhale kumbuyo kwa nsonga yace nthawi zonse.

Miyeso iri m'munsiyi ndi ya gome la anthu 6, lotalika mainchi 72, lotambalala mainchi 34, ndi msinkhu wa mainchi 30. Amene ali ndi tepi ya mamilimita akumbukire kuti inchi imodzi iposa pang'ono mamilimita 25. Iyi ndi miyeso ya matabwa opala kale. Pogula onjezerani pang'ono mbali zonse.

Matabwa 5 apamwamba: mainchi 72 m'litali, 7 m'mimba, 1¼ kucindikala.

Mapazi 2: mainchi 28 m'litali, 3 m'mimba, 3 msinkhu.

Mitu 2: mainchi 30 m'litali, 3 m'mimba, 2¾ msinkhu.

Mizati 2: mainchi 29 m'litali, 6 m'mimba, 2 kucindikala.

Mtanda 1: mainchi 54 m'litali, 5 m'mimba, 2 kucindikala.

Zikhomo 2 za muwanga: mainchi 8 m'litali, ½ kucindikala.

Misomali yamtengo 8 ya inchi ⅜, ndi timatabwa 8 togwirira thabwa lalikulu.

Kupala ndi kulemba

Pa cidutswa ciri conse, palani nkhope imodzi kufikira yaongoka. Kuti muone ngati siyapotoka, gonekani timitengo tiwiri toongoka, kena kunsonga iyi kena kunsonga iyo, ndi kusuzumira ndi diso limodzi. Tikalingana, nkhope iri bwino. Kenaka palani mbali imodzi kuti ikomane ndi nkhope ija pa sikweya. Lembani cizindikiro pa nkhope ndi pa mbali zimenezi, ndipo miyeso yonse ya pambuyo iyambire pomwepo. Munthu amene ayesa lero kucokera mbali iyi, mawa mbali iyo, adzapeza kuti zibowo zace sizikomana.

Zidutswa ziwiri zofanana, monga mizati iwiri, zilembedwe pamodzi zitagundanizidwa, kuti zisasiyane. Mizere yodula mitsempha ya mtengo ilembedwe ndi mpeni, osati ndi pensulo, cifukwa mzere wa pensulo uli wonenepa.

Cibowo ndi lilime

Mzati ulowa m'phazi ndi m'mutu mwa cibowo ndi lilime, zimene amisiri azicha motisi ndi tenoni. Lilime ndi nsonga ya mzati yosemedwa kuti icepe, ndipo malo otsala m'mbali mwace ndiwo mapewa. Mapewa ndiwo aletsa mzati kupendama, cotero ayenera kukhala pa phazi popanda mpata ngakhale pang'ono.

Pa mzati lembani mizere iwiri ya mapewa yotalikirana mainchi 23. Mukaonkhetsa mainchi 23 amenewa ndi 3 a phazi, 2¾ a mutu, ndi 1¼ ya thabwa lalikulu, mupeza mainchi 30, ndiwo msinkhu wa gome. Lilime likhale locindikala inchi 1, ndilo gawo limodzi mwa magawo atatu a phazi, ndi lotambalala mainchi 5. Lipyole phazi lonse ndi mutu wonse. Zotsala mudzazidula pambuyo.

Yambani ndi cibowo, pakuti kucepetsa lilime kuti lilingane ndi cibowo nkwapafupi kuposa kukonza cibowo. Lembani cibowo ca inchi 1 kwa mainchi 5 pakati pa phazi, pamwamba ndi pansi pomwe. Bowolani maenje angapo m'kati mwa mizere kuti mucotse mtengo wambiri, ndi kutsiriza ndi cizulo. Semani kufika pakati kucokera pamwamba, kenaka tembenuzani phazi ndi kusema kucokera pansi. Mukapyoza kucokera mbali imodzi yokha, mtengo udzathothoka potulukira. Mzere weni-weni muufike potsiriza, mwa kupala pang'ono-pang'ono cizulo ciri ciriri.

Poceka lilime, sowo iyende kunja kwa mzere, ku mbali yotaya. Yesani kulowetsa. Lilime labwino lilowa mwa kukankha ndi manja ndi kugogoda pang'ono. Likafuna nyundo yaikulu lidzang'amba phazi. Likalowa lokha ndiye kuti lacepa, ndipo mumatepo kathabwa kopyapyala ndi kupalanso.

Musanamange mwendo, tsirizani nchito zina zitatu. Kunsi kwa phazi semani pakati ponse kuzama inchi ¼, kusiya mainchi 5 kunsonga iyi ndi iyo, kuti phazi liponde pa nsonga ziwiri zokha. Potero silitekeseka pa nthaka yosalingana, ndipo lilime siligunda pansi ndi kuyamwa cinyezi. Kunsi kwa mutu, pendeketsani nsonga zonse ziwiri kuti zisagunde ncafu za anthu. Ndipo pa mzati bowolani cibowo ca mtanda, monga tifotokoza kutsogoloku.

Misomali yamtengo yokoka

Amisiri akale anali ndi njira yomangira lilime imene sifuna cipanira cacitsulo. Lilime liri kunja, bowolani maenje awiri a inchi ⅜ m'mbali mwa phazi, opyola cibowo mpaka kuseri. Akhale inchi 1 kucokera pamene pakhala mapewa, ndi otalikirana mainchi 3. Lowetsani lilime mpaka mapewa akhala, ndipo pisani nsonga ya cibowolero m'maenje aja kuti ilembe pa lilime. Turutsani lilime. Tsono musabowole pa cizindikiro peni-peni, koma sendezani pang'ono kulinga ku mapewa, gawo limodzi mwa magawo 16 a inchi, ndiko ngati kunenepa kwa kamtengo ka macesi kapena kucepera pamenepo.

Mukalowetsanso lilime, maenje sadzapenyana bwino lomwe, ndipo ndico cimene tifuna. Msomali wamtengo podutsa udzapindika pang'ono ndi kukokera mapewa pa phazi mwamphamvu, ndipo udzakokabe zaka zonse. Mukasendeza kwambiri msomali udzathyoka kapena lilime lidzang'ambika. Mukasendezera kunsonga ya lilime, msomali udzakankhira mapewa kutali.

Misomali imeneyi iwazidwe ndi cikwanje kucokera ku cidutswa couma ca mitsempha yoongoka. Yoceka ndi sowo ithyoka msanga, cifukwa sowo idula mitsempha. Isemeni kuti ibulungike, ndi kuisongola nsonga monga pensulo. Pakani guluu woyera wa matabwa pa lilime, khomani misomali mpaka yaturukira kuseri, ndi kudula zotsala. Citani cimodzi-modzi ku mutu. Potsiriza yesani ndi sikweya ndi timitengo tiwiri tija, kuti mutsimikize kuti phazi ndi mutu ziri pa mzere umodzi.

Mtanda ndi zikhomo zace

Mtanda ndiwo msana wa gome. Lembani mapewa ace motalikirana mainchi 40, ndipo mudzatsala ndi mainchi 7 a lilime mbali iri yonse. Mainchi 2 akhala m'kati mwa mzati, ndipo 5 aturukira kunja. Lilime likhale locindikala inchi 1½ ndi lotambalala mainchi 4. Cibowo cace cikhale pakati pa nkhope yotambalala ya mzati, kuyambira mainchi 8 pamwamba pa phewa lakunsi. Lilime ili lokha lilowe momasuka ndi manja, pakuti silidzamatidwa ndi guluu, ndipo lidzatupa m'dzinja.

Yambani mwapanga cikhomo. Kumutu cikhale cotambalala inchi 1¼, kunsonga inchi ¾. Mbali imodzi yoongoka, inzace yopendama. Cikhomo cosongoka kwambiri cizuka cokha gome likagwedezeka, cotero musapitirire muyeso umenewu. Lowetsani mtanda mu mzati, lembani mzere pa lilime pamene paturukira, ndi kuuturutsanso. Gonekani cikhomo m'mbali mwa lilime, mbali yace yoongoka pa mzere uja, mainchi 2 otsala pamwamba ndi 2 pansi, ndipo lembani kupendama kwace. Bowolani cibowo ca inchi ½ kucokera pamwamba pa lilime kufika pansi, khoma lace lakunja litsate kupendama kwa cikhomo.

Pano pali cinsinsi cimene ambiri aciphonya. Khoma lam'kati la cibowo ici lisalekezere pa mzere, koma lilowe inchi ⅛ kupyola mzerewo, kubisala m'kati mwa mzati. Mukatero, cikhomo cidzatsamira pa mzati ndi kukoka mtanda. Mukalekeza pa mzere, cikhomo cidzangothina m'cibowo cace osakoka kanthu, ndipo gome lidzagwedera ngakhale mumenye cotani. Ndiponso musafupikitse lilime pofuna kuti lioneke bwino. Kutsogolo kwa cikhomo kutsale mtengo wosacepera mainchi 3, cifukwa mukacepetsa, cikhomo cidzathudzula nsongayo.

Thabwa lalikulu

Yalani matabwa 5 aja ndi kuyang'ana kunsonga kwace, kumene kuoneka mizere yokhota ya kakulidwe ka mtengo. Thabwa lina mizere ipenye kumwamba, lotsatira ipenye pansi, motero-motero. Thabwa liri lonse lifuna kupindika pang'ono, ndipo mukawasinthanitsa cotere kupindikako sikuunjikana mbali imodzi.

Palani mbali zokomana ziwiri-ziwiri, matabwa atapanidwa pamodzi monga buku lotseka. Potero puleni ikapendama pang'ono, kulakwa kwa thabwa lina kukonzedwa ndi linzace. Imikani thabwa pa linzace ndi kupenya kudzuwa. Kampata kocepa kwambiri ka pakati kalibe kanthu, cifukwa katsekeka popana, koma mpata wa kunsonga musaulole, pakuti ndi kumene thabwa lidzayambira kulekana. Kuti matabwa asatsetsereke pomata, ikani timisomali tamtengo m'mbali zokomanazo, motalikirana mainchi 12.

Ngati mulibe zopanira zacitsulo, tengani mitengo inai yoongoka ya mainchi 44, ndi kukhoma zidutswa zolimba kunsonga zace, kusiya mpata wa mainchi 37. Pakani guluu, gonekani matabwa pa mitengoyo, ndi kukhoma zikhomo ziwiri-ziwiri zopenyana mu mpata wotsala, mpaka guluu aturuka pa mzere wonse. Ikani pepala pansi kuti thabwa lisamatirire ku mitengo, ndi miyala pamwamba kuti lisatukuke pakati. Lisiyeni usiku ndi usana. Pambuyo pace palani mopingasa kuti lilingane, kenaka motsata mitsempha, ndi kulidula kuti likhale mainchi 34 m'mimba.

Kumanga thabwa lalikulu pa miyendo

Ngakhale thabwa louma bwino silileka kuyenda. M'mwezi wa Febuluwale liyamwa cinyezi ndi kutupa. Mu Okutobala liuma ndi kunyala. Pa thabwa la mainchi 34, kusiyana kumeneku kungafike inchi ¼. Koma mutu wa mwendo ugona mopingasa, ndipo m'litali mwace susintha. Mukakhomera kapena kumatira thabwa lalikulu pa mutu, lidzasowa poyendera, ndipo lidzang'aluka pakati kapena kupindika monga bwato. Cifukwa comweco musakhome kathabwa kopingasa kunsonga za gome pofuna kubisa mitsempha.

Njira yoyenera ndi ya timatabwa togwirira. Kali konse kakhale ka mainchi 2 m'litali, 1½ m'mimba ndi ¾ kucindikala, kokhala ndi kalilime ka inchi ⅜ kunsonga imodzi, mitsempha iloze ku kalilimeko. M'mbali mwa mutu semani timaenje tinai, tiwiri mbali iyi tiwiri mbali iyo, totalika mainchi 2, kuti kalilime kapeze mpata woyendera uku ndi uku. Lowetsani kalilime m'kadzenje, ndi kumangira kathabwako kunsi kwa thabwa lalikulu ndi sikuruu imodzi. Kathabwa kakhale kotsikirapo pang'ono, kuti sikuruu ikamangidwa ikokere thabwa lalikulu pa mutu. Pafupi ndi pakati pa mutu mangani sikuruu imodzi yaitali yopyola mutu, kuti thabwa lisasunthe, koma liyende mofanana mbali zonse ziwiri.

Citani nchito iyi gome liri cagada. Thabwa lalikulu lipitirire mzati mainchi 14 kunsonga iri yonse, kuti wokhala kumeneko apeze poika miyendo. Musanamange, yesani ndi cingwe kucokera kunsonga ya mutu uwu kufika kunsonga ya mutu uwo mopingasa, ndiponso mbali inayo. Miyeso iwiriyi ikalingana, miyendo yaima bwino.

Kusalaza ndi kudzoza

Cotsani m'mphepete monse mwakuthwa ndi puleni, maka-maka m'ngondya zimene zilingana ndi mitu ya ana. Salazani ndi sandipepa motsata mitsempha. Citani nchitoyi pabwalo, mutamanga nsaru pamphuno, cifukwa pfumbi la mlombwa ndi la mbawa litsokomoletsa anthu ena ndi kuwayabwa.

Dzozani mafuta a linisidi ophika kale, amene agulitsidwa m'masitolo a zomangira. Pakani ndi nsaru, dikirani mphindi 20, ndipo pukutani onse otsala, mukawasiya adzanata. Bwerezani katatu, kusiya masiku awiri pakati. Amene afuna gome losalowa madzi msanga apake vanishi. Cimene mupaka pamwamba mupakenso kunsi, kuti nkhope zonse ziwiri ziyamwe cinyezi mofanana.

Cenjerani ndi nsaru zimene mwapukutira mafuta a linisidi. Zikaunjikidwa pamodzi zitentha zokha ndipo zingathe kuyaka moto popanda munthu kuziyatsa. Zibviikeni m'madzi, kapena ziyanikeni imodzi-imodzi pa nthaka, kutali ndi denga laudzu, nkhokwe ndi cigafa.

Kasamalidwe

M'nyumba yozira, ikani njerwa zoocha kapena miyala yaphanthi-phanthi pansi pa mapazi, ndipo sunthani gome posesa kuti muone ngati ciswe camanga njira. Poto wocoka pamoto akhale pa nkhata kapena pa kathabwa. Musasiye gome padzuwa kapena pamvula. Nyengo yotentha ikafika, gogodani zikhomo pang'ono. M'dzinja musazimenye mwamphamvu, pakuti mtengo uli wotupa kale. Kamodzi pa caka dzozaninso mafuta.

Gome lodyera likhale la cakudya. Musasakanizirepo mankhwala opopera fodya kapena othira m'cimanga, ndipo musasungirepo feteleza, cifukwa mtengo uyamwa zimene zatayikira pamenepo, ndipo ana atola nsima yogwa pa gome ndi kudya. Posankha fodya pangani thandala lina ku cigafa.

Gome lopangidwa motere lidzatumikira inu ndi ana anu, ndipo cidutswa cina cikaonongeka cingathe kusinthidwa cokha popanda kutaya gome lonse. Koma mtengo umene munaceka sudzabwera wokha. Mlimi wa fodya adziwa bwino kuti milimo ya cigafa ndi nkhuni zicokera kutali caka ndi caka. Cotero mvula ikayamba bzalani mbande za mbawa m'mphepete mwa mtsinje, kumene umera bwino, ndi kuziteteza ku mbuzi ndi moto wolusa. Mlangizi wa za nkhalango wa kwanu adzakuuzani kumene mungapeze mbande, ndi kakonzedwe ka maenje ace.